Wandale wa pa mayeso a LSAT musamutsutse, funani fuwa lomwe wabisa

Wowerenga wina wa ku Lilongwe walemba motere:

"Aphunzitsi, ndinamaliza digiri ya zandale ndi kayendetsedwe ka boma, ndipo ndikufuna kukaphunzira zamalamulo ku America. Papita miyezi inayi ndikukonzekera mayeso a LSAT. Chondidabwitsa n'chakuti mafunso a assumption ndimawakhoza akamakamba za mbalame, mankhwala kapena mafakitale. Koma ndime ikangoyamba ndi mawu akuti 'Politician' kapena 'Mayor', ndimalakwa pafupifupi theka. Chonsecho zandale ndi zomwe ndinaphunzira! Kawirikawiri ndimatsala ndi mayankho awiri, n'kusankha lolakwikalo. Kodi vuto ndi Chingerezi changa, kapena mutu wangawu sugwira zimenezi?"

Chemwali, mutu wanu uli bwinobwino. Munthu amene akukhoza mafunso a mbalame ndi mankhwala, luso lomwe mayesowa amafuna ali nalo kale. Mafunso a zandale samangidwa mosiyana ndi enawo ayi. Amene amasintha ndi inuyo. Pa nkhani ya mbalame mulibe mbali, ndiye mumawerenga zomwe zalembedwa basi. Koma meya akangotsegula pakamwa, digiri yanu yonse imadzambatuka, zonse zomwe munamvapo pa wailesi zimabwera, ndipo mumayamba kuyankha funso lomwe simunafunsidwe. Pa zaka zomwe ndakhala ndikuphunzitsa anthu okonzekera mayeso a mtundu uwu, omwe ndawaona akuvutika kwambiri ndi mafunso amenewa ndi atolankhani, ogwira ntchito m'mabungwe omenyera ufulu, ndi anzanu omwe anaphunzira zandale. Amadziwa zambiri, ndipo zambirizo ndi zomwe zimawakola mwendo.

Tione kaye chomwe funsolo limafuna. Ndime iliyonse imakhala ndi zinthu ziwiri zooneka: chomwe wolankhulayo akufuna kuti tivomereze, ndi zifukwa zomwe wapereka. Pakati pa ziwirizi pamakhala mpata, ndipo iye amaudumpha ataponda pa mfundo ina yomwe sanaitchule. Imeneyo ndiyo assumption. Ophunzira anga ndimawauza kuti aganize za mphika wa nsima pamoto. Wandale wakuonetsani mafuwa awiri, n'kunena kuti mphika wakhazikika. Inu mukudziwa kuti pa mafuwa awiri mphika sukhala. Ndiye kuti lachitatu lilipo, kungoti labisika kuseri. Ntchito yanu n'kuliloza. Sanakufunseni ngati ufawo unagulidwa mwachilungamo, kapena ngati wophikayo ndi munthu wa makhalidwe abwino.

Nachi chitsanzo chomwe ndapeka ndekha, motsatira momwe mafunso enieni amamangidwira. Meya akuti: "Chaka chatha tinaika magetsi m'misewu ya dera lakumpoto kwa mzinda wathu. Kuchokera pamenepo, milandu ya kuba yomwe anthu a m'derali akukanena kupolisi yatsika ndi theka. Choncho magetsiwa achepetsa kuba." Funso: kodi meyayu akudalira mfundo iti?

Musanayang'ane mayankho asanu aja, inenani ndimeyo m'mawu anu: akuti kuba kwachepa chifukwa cha magetsi, poti milandu yokanenedwa kupolisi yachepa. Mwaumva mpatawo? Umboni wake ukukamba za milandu yokanenedwa. Chomwe akufuna tivomereze chikukamba za kuba kwenikweniko. Zinthu ziwirizi si chimodzi. Anthu angathe kumaberedwa monga kale koma atatopa n'kupita kupolisi, kapena polisi yomwe inali pafupi inatsekedwa. Tsono yankho lolondola likhala ngati ili: kutsika kwa milanduyi sikunabwere kokha chifukwa choti anthu anasiya kukanena. Ndi chiganizo chosakoma, chopanda mchere, chomwe munthu sangachinene pa msonkhano. Mayankho olondola a mafunso amenewa nthawi zambiri amaoneka chonchi.

Pambali pake akuikirani ena okopa. Lina liti meyayu sanapindule nayo kontrakiti ya magetsiwo. Apa ndi pomwe inu mumagwera, chifukwa mukudziwa momwe makontrakiti amayendera, ndipo mtima umati, "Eya, nkhani yagona pamenepa." Koma ngakhale meyayu atadya ndalama zonse zotsala, magetsi omwe anaikidwawo angathe kuchepetsabe kuba. Katangale wake sakukhudza mpata uja. Ndinali ndi wophunzira wina yemwe anagwirapo ntchito ya kampeni, amene tinatsutsana naye kwa mphindi makumi awiri pa funso lofanana ndi ili. Ankati, "Aphunzitsi, inu simukuwadziwa anthu amenewa." Ndinamuyankha kuti meya wa pa pepalayo alibe chipani, alibe achibale, alibe mbiri, ali ndi ziganizo zitatu basi, ndipo moyo wake wonse uthera pa mzere womaliza wa ndimeyo. Anaseka, koma kuyambira tsiku limenelo anasiya kumuzenga mlandu.

Lina liti kuba konse m'derali kumachitika usiku. Ili ndiye loopsa kwambiri, poti likukhudzadi nkhaniyo ndipo likanakhala loona likanamuthandiza meya. Ndikukhulupirira kuti mukamati mumatsala ndi mayankho awiri, lachiwirilo limakhala la mtundu uwu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Njira yozisiyanitsira ndi kuchotsa fuwa. Tengani yankho lililonse, mulitembenuze kuti linene zotsutsana, muone ngati mphika ugwa. Tembenuzani loyamba lija: kutsika kwa milandu kunabwera kokha chifukwa choti anthu anasiya kukanena. Basi, meya alibenso ponena, mphika wagubuduka. Tembenuzani lachiwiri: si kuba konse komwe kumachitika usiku. Meya angoyankha kuti, "Inde, ena amaba masana, koma a usikuwo ndi omwe magetsi awathamangitsa," ndipo mfundo yake ili chiimire. Ndiye kuti limenelo silinali fuwa. Linali chikuni chongothandiza moto. M'mabuku a Chingerezi njira imeneyi amaitcha negation test.

Kutembenuzako n'kumene anthu ambiri amalakwitsa, ndiye ndikhalitsepo pang'ono. Kutsutsa mawu akuti "onse" si kunena kuti "palibe ndi mmodzi yemwe". Ndi kunena kuti "si onse". Wina akati aphungu onse anavomera bilu, kuti mumutsutse mukungofunika phungu mmodzi yemwe anakana. Koma wina akati aphungu ena anavomera, kuti mumutsutse muyenera kunena kuti palibe anavomera. Pa mayesowa mawu akuti "some" amatanthauza mmodzi kapena kuposerapo, ngakhale onse amene. Mawu akuti "most" amatanthauza oposa theka, osati gulu lalikulu kuposa magulu ena. Ife Amalawi kusiyana kumeneku tinakuphunzira ndi thukuta: pa 3 February 2020 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko, pothetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019, linanena kuti "majority" ndi mavoti oposa theka, osati kungoposa anzako. Mukakumana ndi "most" pa LSAT, kumbukirani 50+1 ija. Kuitsutsa ndi kunena kuti theka kapena ocheperapo.

Chifukwa cha ichi, pa mafunso ofuna mfundo yomwe wolankhula sangachite popanda iyo, muzikayikira mayankho a mawu amphamvu monga "all", "never", "only" kapena "the best". Sindikuti nthawi zonse amakhala olakwika. Ngati wandaleyo wanena chinthu champhamvu, fuwa lake lingakhalenso lamphamvu. Koma kawirikawiri munthu safunika zambiri choncho kuti mfundo yake iime. Amangofunika kuti kanthu kena kakang'ono kasakhale kabodza.

Tsono pali mtundu wachiwiri wa mafunso a assumption womwe umafuna zosiyana, ndipo n'kutheka kuti theka la zolakwa zanu lagona posasiyanitsa mitundu iwiriyi. Werengani funso lenilenilo musanawerenge ndime. Mukaona mawu monga "required", "depends on" kapena "relies on", akufuna fuwa: chinthu chomwe chikachoka zonse zigwa, ngakhale kuti pachokha sichingasenze mphika. Mukaona kuti "follows logically if which one of the following is assumed", akufuna mbaula: chinthu chomwe mukachiika, mphika ukhazikika popanda kugwedera. Mbaula si yofunika kuti nsima iphikidwe, anthu amaphika popanda iyo, koma ikakhalapo yakwanira. Pa mtundu wachiwiriwu mawu amphamvu aja ndi abwenzi anu, ndipo njira yochotsa fuwa ija siigwira ntchito.

Tiyese ndi nkhani yoona. Dziko la Australia linakhazikitsa lamulo lokakamiza nzika kuvota pa zisankho za boma lalikulu mu 1924. Pa chisankho cha 1922 ovota sanafike 60 pa 100 alionse olembetsa. Pa cha 1925 anapitirira 90. Tiyerekeze kuti phungu wa dziko lina waima n'kunena kuti: "Lamuloli linachulukitsa ovota ku Australia. Choncho tikalikhazikitsa kuno, anthu athu ambiri ayamba kukhala ndi chidwi ndi momwe boma likuyendera." Manambala akewo ndi oona, ndipo simukuyenera kulimbana nawo, pa mayesowa zifukwa zomwe zaperekedwa mumazilandira momwe zilili. Koma taonani momwe wasinthira mawu pakati pa njira. Wayamba ndi kuvota, wathera pa chidwi. Munthu angathe kukaima pamzere poopa chindapusa, n'kuchonga dzina loyamba lomwe waliona, n'kubwerera kumunda. Akakufunsani fuwa, yankho likhala lofatsa: ena mwa omwe adzavote chifukwa chokakamizidwa adzayamba kutsatira za boma kuposa kale. Akakufunsani mbaula, mudzafuna lolimba, lotseka mipata yonse iwiri: kuti lamuloli limachulukitsa ovota m'dziko lililonse, ndipo aliyense woyamba kuvota amayambanso kukhala ndi chidwi ndi boma. Pa moyo weniweni chiganizo chimenechi n'chokokomeza, ndipo inu wa zandale chikunyansani. Chisankheni chomwecho. Sanakufunseni ngati n'choona. Akuti "if assumed".

Kusintha mawu kotereku ndiye chizolowezi chachikulu cha andale a pa pepala. Ayamba ndi "anthu ambiri akuchifuna" n'kuthera pa "n'chabwino". Ayamba ndi "chuma cha dziko chakula" n'kuthera pa "mabanja akupeza bwino". Ayamba ndi "n'chololedwa ndi malamulo" n'kuthera pa "n'choyenera". Mukangoona mawu atsopano pa mfundo yomalizayo, omwe sanatchulidwe m'zifukwa, ikanipo chala. Yankho lolondola liyenera kuwakhudza mawu amenewo. Chimodzimodzinso akanena kuti "tiyenera". Zifukwa zake zikangofotokoza momwe zinthu zilili, koma iye n'kuthera pa zomwe boma liyenera kuchita, ndiye kuti wabisa mfundo yonena za chomwe chili chofunika kuposa chinzake, kapena yoti zoipa zomwe zingatsatire sizikuposa zabwinozo.

Mpata wina womwe umabwerabwera ndi wa kafukufuku wa maganizo a anthu. Pa uwu ndimakonda kufotokoza zomwe zinachitika ku America mu 1936. Magazini ya Literary Digest inatumiza makalata pafupifupi 10 miliyoni kufunsa anthu yemwe adzamuvotere pakati pa Franklin Roosevelt ndi Alf Landon, bwanamkubwa wa Kansas. Anthu oposa 2 miliyoni anayankha, ndipo magaziniyo inalengeza kuti Landon apambana. Tsiku litafika, Roosevelt anatenga zigawo 46 mwa 48; Landon anangopeza Maine ndi Vermont. Anthu 2 miliyoni ndi ambiri zedi, ndiye cholakwika chinali chiyani? Mayina ambiri anawatenga m'mabuku a manambala a lamya ndi m'kaundula wa eni galimoto, pa nthawi yomwe dzikolo linali pa umphawi wadzaoneni ndipo osauka ambiri analibe zinthu zimenezi. Komanso omwe anadzivutitsa kubweza kalata sanali ofanana maganizo ndi omwe anangoitaya. Fuwa lobisika linali lakuti oyankhawo akuimira ovota onse, ndipo linali dothi losaumba bwino. Magaziniyo inatha pasanapite zaka ziwiri. Tsono wandale wa pa mayeso akanena kuti "anthu omwe anaimba foni ku ofesi yanga ambiri akugwirizana ndi biluyi, choncho anthu a m'dera langa akuifuna," mudziwiretu kuti akudalira zoti oimba foniwo sakusiyana kwambiri ndi osaimba.

Za Chingerezi chanu, pali njira yodziwira. Tengani mafunso khumi omwe munalakwa, osayang'ana wotchi. Pa lililonse, fotokozerani munthu wa kunyumba m'Chichewa, m'chiganizo chimodzi: "Akuti chakuti, chifukwa chakuti." Ngati mukutha, ndipo womverayo akumvetsa, chilankhulo si vuto. Ngati mukukakamira, onani pomwe mwakakamirapo. Nthawi zambiri si mawu akuluakulu omwe amavuta, koma timawu ting'onoting'ono monga "unless", "only if", "few", ndi ziganizo zokhala ndi "not" kawiri. Timeneti timavutitsanso eni chilankhulo, ndipo timatheka ndi masabata ochepa ochita kutiyeserera patokha. Samalaninso ndi ndime zomwe zimayamba ndi maganizo a anthu ena, monga "otsutsa boma akuti...", kenako n'kubwera "but" kapena "however". Zomwe wolankhulayo akufuna tivomereze zili pambuyo pa "but", ndipo nthawi zina amangoti "akulakwitsa". Mukatenga maganizo a otsutsawo ngati ake, mufunafuna fuwa la mphika wa eni.

Chifukwa chomwe ndikulimbikira kuti mukonze zimenezi n'chakuti kuyambira mu August 2024 bungwe la LSAC, lomwe limayendetsa mayesowa, linachotsa gawo lija anthu ankalitcha logic games. Pano pa magawo atatu omwe amawerengera malikisi, awiri ndi a Logical Reasoning, momwe mumapezeka mafunso a assumption amenewa, limodzi ndi la kuwerenga ndi kumvetsa ndime zazitali. Pali gawo lachinayi loyesera mafunso atsopano lomwe saliwerengera, koma simungalizindikire. Ndiye ngati mabuku omwe muli nawo ndi akale, obwereka kwa omwe analemba zaka zapitazo, mitu ya logic games muidumphe. Gawo lililonse ndi la mphindi 35, ndipo la Logical Reasoning limakhala ndi mafunso pafupifupi 25, kutanthauza kuti funso limodzi silikwana mphindi imodzi ndi theka. Simungatembenuze mayankho onse asanu pa nthawi imeneyo. Chotsani msanga atatu omwe sakukhudza mpata, njira ya fuwa muisungire awiri otsalawo. Ndipo musasiye funso losayankha, poti yankho lolakwika sadula nalo malikisi.

Koma liwiro lidze pambuyo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kwa masabata atatu kapena anayi, ikani wotchi pambali. Gwiritsani ntchito mafunso enieni akale, omwe LSAC imawaika pa tsamba lake lotchedwa LawHub, osati opekedwa ndi anthu pa intaneti, chifukwa opekawa nthawi zambiri mayankho awo amakhala awiri olondola kapena palibe, ndipo angakuphunzitseni kukayikira nzeru zanu pachabe. Pa funso lililonse lembani mpatawo pa pepala musanaone mayankho. Mukhale ndi kabuku kolembamo zolakwa, ndipo musamangolemba kuti yankho linali C. Lembani chomwe chinakukopani pa lomwe munasankhalo. Mukadzawerenga masamba asanu a kabukuko mudzaona kuti mukulakwa zinthu ziwiri kapena zitatu zomwezomwezo, ndipo ndikhoza kubetcha kuti chimodzi chidzakhala "linali loona pa moyo weniweni". Kachinyengo kena komwe kamathandiza ena: mukaona "Politician", m'maganizo mwanu ikanipo mlimi wa nkhuku. Zikumveka zachibwana, koma mtima umazizira, maso n'kubwerera pa mawu.

Mukachita zimenezi kwa miyezi iwiri mosadumphitsa koma zolakwa osachepa, pamenepo funani munthu woti akumvereni mukuganiza mokweza. Angakhale mphunzitsi, angakhale mnzanu yemwe analemba kale n'kukhoza bwino. Mphunzitsi wabwino amakufunsani chifukwa chomwe mwasankhira yankho asanakuuzeni lolondola. Amene akulonjezani malikisi akutiakuti pakati pa 120 ndi 180 asanaone ntchito yanu, kapena wonena kuti ali ndi mafunso omwe adzabwere, muthaweni. Ndalama zanu zipita, ndipo kukhudzidwa ndi zachinyengo kungakutsekereni khomo la sukulu zomwe mukufunazo. Musathamangirenso kulembetsa kuti mungoyesa mwayi. Mayesowa amalipiritsa madola, ndipo LSAC imaika malire a maulendo omwe munthu angalembe. Ngati mukukhoza bwino popanda wotchi koma ikangoyamba kuyenda mtima umagunda, manja kunjenjemera, tulo osabwera kwa masiku, limenelo si vuto la assumption. Kambiranani ndi dokotala kapena mlangizi. Ndipo ngati pali vuto la maso kapena la kawerengedwe lomwe achipatala analitsimikiza, LSAC ili ndi dongosolo lopempha thandizo lapadera monga nthawi yoonjezera, koma pempholo limafuna zikalata ndipo liyenera kupita nthawi ikadalipo.

Pakadali pano, sankhani mafunso asanu a andale omwe munalakwa sabata ino. Pa lililonse lembani mizere itatu: chomwe akufuna tivomereze, chifukwa chomwe wapereka, ndi mawu omwe ali mu mzere woyamba koma mulibe mu wachiwiri. Mukatero mubwerere ku mayankho awiri omwe munatsala nawo aja, muwatembenuze onse. Likakhalapo lomwe mphika ukukana kugwa mbali zonse ziwiri, nditumizireni, tilione limodzi.